Robin Cavendish: Munthu Amene Anakhala Pafupifupi Zaka 36 Akupuma ndi Makina

Ngati muli ndi m'bale amene satha kupuma payekha, ndipo madokotala akuuzani kuti adzafunika makina othandizira kupuma kwa nthawi yaitali, mwina mukudzifunsa kuti moyo wake udzakhala wotani. Mwinanso wodwalayo ndinu amene. Tsamba lino likufotokoza mbiri ya Robin Cavendish, mwamuna wa ku Britain amene anadwala poliyo ali ku Kenya mu 1958, n'kukhala pafupifupi zaka 36 akupuma ndi makina. Zambiri mwa zaka zimenezi anakhala pakhomo pake, osati m'chipatala. Mbiri yake ili ndi zambiri zimene mabanja a ku Mutare ndi madera ena a ku Manicaland angatolepo, ngakhale kuti iye anali ndi mwayi umene mabanja ambiri kuno alibe.

Ubwana ndi ntchito yake

Robin Cavendish anabadwa pa 12 March 1930 ku Middleton, m'chigawo cha Derbyshire ku England. Anaphunzira ku Winchester College, kenako analowa sukulu ya asilikali ya Sandhurst. Anagwira ntchito ya usilikali zaka 7 m'gulu lotchedwa King's Royal Rifle Corps, mpaka anafika pa udindo wa kaputeni. Atasiya usilikali anayamba malonda a tiyi, ntchito yokhala mkhalapakati wa eni minda ndi ogula. Inu amene makolo anu anachoka ku Malawi kapena ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Honde Valley ndi ku Chipinge mukudziwa mmene mbewu imeneyi inayendetsera anthu m'zaka zimenezo. Cavendish nayenso anabwera ku Africa chifukwa cha tiyi. Mu 1957 anakwatira Diana Blacker, ndipo banjali linakakhala ku Kenya.

Matenda amene anasintha moyo wake

Mu December 1958, ali ndi zaka 28, Cavendish anadwala poliyo. Pa nthawiyo Diana anali woyembekezera. Poliyo amayamba ndi kachilombo kamene kamalowera pakamwa, makamaka kudzera m'madzi, chakudya kapena manja amene akhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako. Ambiri amene atenga kachilomboka sadwala n'komwe, ndipo ena amangotentha thupi n'kuchira. Koma malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, munthu mmodzi mwa anthu 200 alionse amene atenga kachilomboka amafa ziwalo mpaka kalekale. Mwa anthu 100 alionse amene afa ziwalo, 5 mpaka 10 amamwalira chifukwa minofu yopumira yaleka kugwira ntchito.

Kuti mumvetse zimene zinamuchitikira, taganizirani mmene munthu amapumira. Mapapo paokha sakoka mpweya. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mnofu waukulu umene uli pansi pa mapapo, pamodzi ndi minofu ya pakati pa nthiti. Minofuyi imalandira uthenga wochokera ku ubongo kudzera m'mitsempha ya mumsana. Kachilombo ka poliyo kakawononga mitsempha imeneyi, uthengawo sufika, ndipo chifuwa chimaima ngakhale mapapo ali abwinobwino. Cavendish anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika m'munsi, koma ankaganiza, kuona ndi kumva monga kale.

Dokotala wina ku Nairobi anamulumikiza ku makina othandizira kupuma. Mwana wawo, Jonathan, anabadwa mu February 1959, ndipo kenako banjali linabwerera ku England pa ndege. Madokotala ankaganiza kuti Cavendish sadutsa miyezi itatu. Miyeziyo itatha, anati sadutsa chaka chimodzi.

Makina a nthawi imeneyo

Makina amene anapulumutsa moyo wake anali asanakhalitse. Mu 1928, Philip Drinker ndi Louis Shaw a ku yunivesite ya Harvard ku America anapanga makina ooneka ngati mgolo waukulu wachitsulo, amene ankatchedwa iron lung. Wodwala ankagona mkati mwake, mutu wokha uli kunja. Makinawo ankati akachepetsa mpweya mumgolomo chifuwa chinkatukuka, ndipo akaubwezera chifuwa chinkatsika. Anapulumutsa anthu ambiri, koma anali olemera, okwera mtengo, ndipo kusambitsa kapena kutembenuza munthu amene ali mkati mwake kunali kovuta.

Njira ina inadziwika mu 1952, pamene mliri wa poliyo unabuka mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Chipatala cha Blegdam chinadzaza ndi odwala olephera kupuma, pamene makina anali owerengeka. Dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni, Bjørn Ibsen, anapereka maganizo oti aziboola kabowo pakhosi la wodwala, kulowetsa kapaipi mum'mero wodutsa mpweya, ndi kumapopera mpweya m'mapapo pofinya thumba la labala. Ophunzira za udokotala oposa 1,000 ankasinthana usana ndi usiku kufinya matumbawo ndi manja kwa milungu yambiri, ndipo chiwerengero cha omwalira chinatsika kwambiri. Pamenepa ndi pamene panayambira zipinda za odwala mwakayakaya zimene mumazidziwa kuti ICU.

Opaleshoni yoboola pakhosi ija imatchedwa tracheostomy, ndipo makina amene amapopa mpweya m'malo mwa manja a munthu amatchedwa ventilator. Cavendish ankapuma mwa njira imeneyi. Dziwani kuti ventilator ndi yosiyana ndi silinda ya okosijeni kapena makina osefa okosijeni amene odwala ena ali nawo kunyumba. Okosijeni amathandiza munthu amene akutha kukoka mpweya payekha. Munthu amene minofu yake yopumira inaleka kugwira ntchito amafunika makina oti azimulowetsera mpweyawo.

Kutuluka m'chipatala

M'zaka zimenezo, munthu wodalira ventilator ankayembekezeredwa kukhala m'chipatala mpaka imfa yake. Madokotala anali ndi zifukwa zomveka. Makina angathe kuima, kapaipi kangathe kutsekeka ndi makhololo kapena kuchoka m'malo mwake, ndipo munthu akapanda kuthandizidwa amamwalira m'mphindi zochepa. Koma Cavendish sanafune kuti moyo wake wonse uthere pabedi la m'wodi, kutali ndi mkazi wake ndi mwana wake. Patatha pafupifupi chaka chimodzi anatuluka m'chipatala, ngakhale kuti madokotala anamulangiza kuti asatero. Banjali linakhazikika m'mudzi wa Drayton St Leonard, pafupi ndi mzinda wa Oxford.

Kukhala kunyumba kunachititsa kuti ntchito imene manamwino ankagwira igwere Diana ndi anthu amene ankamuthandiza. Munthu wotere amafunika kumusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza, kumukoka makhololo m'kapaipi, ndi kumvetsera kulira kwa makina usana ndi usiku. Diana anasamalira mwamuna wake mpaka tsiku la imfa yake, mothandizidwa ndi achibale ndi mabwenzi.

Pano tiyenera kunena mosabisa. Nkhaniyi si yokulimbikitsani kutulutsa wodwala m'chipatala mosemphana ndi malangizo a dokotala. Cavendish anali ndi nyumba ya magetsi odalirika, mabwenzi aluso, ndiponso anthu omuthandiza pa ndalama. Komanso mapapo ake sanali odwala. Chimene iye anaonetsa n'chakuti munthu wodalira makina angathe kukhala pakati pa anthu ake ngati pali kukonzekera kokwanira. Masiku ano kukonzekera kumeneku kumachitika mogwirizana ndi achipatala.

Njinga yokhala ndi makina opumira

Ngakhale anali kunyumba, Cavendish ankangokhalabe pabedi, popeza makina ake ankadalira magetsi a m'nyumba. Mmodzi wa mabwenzi ake anali Edward Hall, amene ambiri ankamutcha Teddy, wasayansi wa ku yunivesite ya Oxford. Hall sanali dokotala. Ntchito yake inali yoyeza zinthu zakale kuti adziwe zaka zake ndi zimene anazipangira, koma anali ndi luso lopanga zipangizo. Mu 1962 awiriwa anapanga njinga ya anthu aulumali yokhala ndi makina opumira oyendera batire. Kuyambira pamenepo Cavendish ankatha kutuluka panja, kukacheza kwa anzake ndi kuyenda maulendo. Anakonzetsanso galimoto yokhala ndi chokwezera njinga, ndipo anayenda nayo mpaka kunja kwa dziko lake.

Sanafune kuti njingayo ikhale yake yokha. Anapempha ndalama ku bungwe lothandiza anthu la Ernest Kleinwort Charitable Trust zopangira njinga zoyambirira za odwala ena, ndipo pambuyo pake anakopa unduna wa zaumoyo wa ku Britain kuti ulipire zina. Njingazo zinkapangidwa ndi kampani ya Hall yotchedwa Littlemore Scientific Engineering.

Cavendish ankayesanso zipangizo zatsopano ndi kuuza ozipanga zoyenera kukonza. Chimodzi mwa izo chinali Possum, chipangizo chimene chinayambira pachipatala cha Stoke Mandeville. Ndi chipangizo chimenechi iye ankatha kuimba telefoni ndi kuyatsa wailesi yakanema pongosuntha mutu. Kwa munthu amene sangathe kudzikanda ngakhale pamphuno, kutha kuchita kanthu popanda kuitana wina ndi chinthu chachikulu.

Ntchito yothandiza ena

M'zaka za m'ma 1960 ku Britain kunalibe kaundula wa anthu odalira makina opumira. Cavendish anayamba kuwafufuza mmodzimmodzi, kulemba kumene ali ndi mmene akukhalira. Popanda chiwerengero choterocho n'kovuta kupempha boma chilichonse, chifukwa anthu osawerengedwa amaiwalika pokonza ndondomeko ya ndalama.

Anaonanso kuti mabanja oterewa analibe kopita kukapuma. Malo ogona alendo analibe zipangizo zoyenera, ndipo osamalira odwala ankatha zaka osasiya ntchito ngakhale tsiku limodzi. Mu 1970, iye pamodzi ndi Dr Geoffrey Spencer, dokotala wosamalira odwala odalira makina opumira pachipatala cha St Thomas' ku London, anayambitsa bungwe lotchedwa Refresh. Bungweli linasonkhanitsa ndalama zomangira nyumba ya Netley Waterside House pafupi ndi mzinda wa Southampton. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1977, ndipo odwala ankapitako ndi mabanja awo kukapuma, chithandizo chili pafupi. Dziko lake linamupatsa ulemu wa MBE chifukwa cha ntchito yothandiza anthu aulumali.

Robin Cavendish anamwalira pa 8 August 1994 ku Drayton St Leonard, ali ndi zaka 64. Anali mmodzi wa anthu amene anakhala nthawi yaitali kwambiri akupuma ndi makina m'dziko la Britain. Mwana amene anabadwa bambo ake ali gone m'chipatala anakula nawo pakhomo, ndipo anadzakhala wopanga mafilimu. Mu 2017 Jonathan Cavendish anatulutsa filimu yotchedwa Breathe, yofotokoza moyo wa makolo ake.

Zimene inu wosamalira wodwala muyenera kudziwa

Masiku ano si poliyo yekha amene amachititsa munthu kudalira makina opumira. Ena amavulala fupa la m'khosi pa ngozi ya pamsewu, ena amadwala matenda ofooketsa mitsempha ndi minofu monga Guillain-Barré, ndipo ena mapapo awo anawonongeka kwambiri ndi matenda okhalitsa. Ambiri amafunika makina kwa masiku kapena milungu yochepa n'kuyambanso kupuma okha. Owerengeka amawafuna kwa miyezi kapena zaka, ena usiku wokha kudzera m'chophimba mphuno ndi pakamwa, ena nthawi zonse kudzera m'kapaipi ka pakhosi. Kaya wodwala wanu ali m'wodi pachipatala cha Victoria Chitepo kapena achipatala avomereza kuti apite kunyumba, mfundo zotsatirazi n'zofunika.

Phunzirani wodwala asanatuluke. Pemphani namwino kuti akuonetseni kakokedwe ka makhololo, katsukidwe ka pabowo la pakhosi ndi tanthauzo la kulira kulikonse kwa makina. Chitani zimenezi ndi manja anu iye akuonerera, kangapo konse, mpaka mutazolowera. Ophunzirawo akhale anthu awiri kapena kuposerapo.

Thumba lopopera mpweya ndi manja lisatalikire wodwala. Ambiri amalitcha Ambu bag, ndipo ntchito yake ndi yomwe ija ophunzira a ku Copenhagen ankagwira. Makina akaima, kapena mukaona kuti chifuwa cha wodwala sichikutukuka, chotsani makinawo, lumikizani thumbalo ndi kuyamba kupopa monga anakuphunzitsirani, wina akuitana thandizo. Musataye nthawi ndi kukonza makina wodwala asakupuma. Sunganinso kapaipi kena kapadera pafupi ndi bedi.

Konzekerani kuzima kwa magetsi. Dziwani kuti batire la makina anu limatha maola angati, ndipo likhale lodzaza nthawi zonse. Khalani ndi njira ina yopezera magetsi, monga batire lachiwiri, sola kapena jenereta. Kumbukirani kuti makina okokera makhololo nawonso amafuna magetsi. Jenereta izikhala panja, kutali ndi mawindo, chifukwa utsi wake umapha. Ngati m'chipindamo muli okosijeni, musayatsemo kandulo, mbaula kapena fodya. Gwiritsani ntchito tochi.

Tetezani mapapo ku chibayo. Mpweya wolowera pakhosi sudutsa m'mphuno, mmene umasefedwa ndi kunyowetsedwa, choncho tizilombo timafika msanga m'mapapo ndipo makhololo amauma. Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze kapaipi ndiponso mukamaliza. Tsukani m'kamwa mwa wodwala tsiku lililonse. Kwezani kumutu kwa bedi kuti agone motsamira, makamaka pomudyetsa, pokhapokha ngati dokotala waletsa chifukwa cha kuvulala kwa msana. Utsi wa nkhuni ndi fumbi zisalowe m'chipinda chake, ndipo mlendo amene ali ndi chimfine adikire kaye achire.

Tetezani khungu. Munthu wofa ziwalo sangadzitembenuze, ndipo ena samva n'kupweteka komwe. Mutembenuzeni pafupifupi maola awiri alionse, ndipo tsiku lililonse yang'anani m'chiuno, m'matako, m'zidendene ndi kunkhongo. Malo amene asintha mtundu kapena akutentha ndi chiyambi cha chilonda. Zogonera zikhale zouma ndi zosakwinyika.

Dziwani zizindikiro zoopsa. Pitani kuchipatala msanga ngati wodwala watentha thupi, makhololo achuluka, asanduka achikasu kapena obiriwira, akununkha kapena muli magazi. Chitaninso chimodzimodzi ngati milomo ndi lilime zasintha mtundu, ngati wodwala akusinza mosadziwika bwino kapena wasokonezeka maganizo, kapenanso ngati makina akulira mobwerezabwereza. Konzeranitu galimoto imene ingakunyamuleni usiku, ndipo dziwitsani manamwino a kukiliniki ya kwanu, kaya ndi ku Sakubva, ku Dangamvura kapena ku Chikanga, kuti m'dera lawo muli wodwala wotere.

Lankhulani naye. Ena amene ali ndi kapaipi pakhosi amatha kulankhula, ena satha. Gwirizanani zizindikiro za inde ndi ayi, monga kuphethira, kapena lembani zilembo pa katoni kuti aziloza ndi maso. Musamakambirane za iye ngati kuti palibe. Mufunseni chimene akufuna kudya, wailesi imene akufuna kumvera, ndi amene akufuna kuti amuone. Zonse zimene Cavendish anachita zinatheka chifukwa anthu omuzungulira ankamufunsa ndi kumumvera. Ngati wodwala wanu wataya mtima, sakugona kapena akunena zofuna kufa, uzani achipatala, chifukwa kuvutika maganizo kuli ndi chithandizo chake.

Nanunso muzipuma. Kwathu kuno gadiyani nthawi zambiri amakhala mayi mmodzi, mkazi kapena mlongo wa wodwala, ndipo amagwira ntchitoyi usana ndi usiku. Munthu wosagona angathe kulephera kumva makina akamalira. Mutu umodzi susenza denga. Lembani ndandanda ya osinthana, ndipo achibale, akumpingo ndi anansi akafunsa chimene angachite, atchulireni ntchito yeniyeni: kuchapa, kutunga madzi, kugula mafuta a jenereta, kapena kukhala ndi ana masana kuti inu mugoneko.

Poliyo angathe kupewedwa

Katemera woyamba wa poliyo, amene anapangidwa ndi Jonas Salk, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1955. Wodonthezera m'kamwa, wa Albert Sabin, anafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Poliyo alibe mankhwala ochiza, koma katemera amateteza. Mu August 2020 bungwe la WHO linalengeza kuti kachilombo ka poliyo ka m'chilengedwe katha m'chigawo cha Africa. Komabe mu February 2022 dziko la Malawi linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka nako, ndipo chaka chomwecho ana ena anapezeka nako m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kachilomboko kanali ka mtundu umene umapezeka ku Pakistan. Zimbabwe inali limodzi mwa mayiko amene anachita kampeni yotemera ana pofuna kuletsa kufala kwake.

Mzinda wa Mutare uli m'malire, ndipo anthu amadutsa pachipata cha Forbes tsiku ndi tsiku kupita ndi kuchokera ku Mozambique. Ngati muli ndi mwana wosakwana zaka 5, yang'anani khadi lake la kusikelo. Ngati pali katemera amene anaphonya, pitani naye kukiliniki kuti akalandire, ngakhale nthawi yake itapitirira. Ndipo mukaona mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake walobodoka mwadzidzidzi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.